Maliro Atha, Nanga Nyumbayi Titani Nayo?

Ku Thyolo munthu akati "nyumba yathu", yambani mwamufunsa kuti akunena iti. Ilipo ya m'malaini a esiteti, imene banja limagonamo chifukwa wina m'banjamo amatchola tiyi, amalondera kapena ali m'fakitale ku Satemwa, ku Makandi, kwa Conforzi, ku Naming'omba kapena m'minda ya Eastern Produce. Ilipo ya kumudzi, yoima pa dothi la mbumba. Iliponso ya papuloti yogula, kwa Bvumbwe, ku Luchenza, kwa Goliati kapena pa Boma. Imfa ikalowa pakhomo, nyumba zitatuzi siziyenda njira imodzi, ndipo anamfedwa ambiri amapwetekeka chifukwa chotenga malangizo oyenera nyumba ina n'kukawagwiritsa ntchito pa ina. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amanong'onedwa kuseri kwa siwa anthu akayamba kubalalika.

Taika maliro dzana. Ndiyambire pati?

Musachite chilichonse chimene simungathe kuchibweza. Musagulitse, musasaine kapena kudinda chala papepala limene simunalimvetse, musapereke makiyi kwa munthu woti akusungireni. Mtima wa namfedwa umavomera zilizonse kuti phokoso lithe, ndipo alipo anthu amene amadikirira nthawi yomweyo.

Kenako sonkhanitsani mapepala. Chiphaso cha imfa chimatuluka ku National Registration Bureau kudzera pa ofesi ya DC. Ngati malemu anatsirizikira m'chipatala, monga cha boma pa Thyolo kapena ku Malamulo, kalata yoyamba imachokera komweko. Ngati zinachitikira pakhomo, amfumu ndiwo amaikira umboni. Sungani pamodzi kalata ya ukwati, mapepala a malipiro a kuntchito, pepala logulira puloti, ngakhale malisiti akale a malata ndi simenti. Mutenge kope, mulembe katundu yense wa pakhomo pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, iwo asainepo. Ntchito ya ola limodzi imeneyi imatseka pakamwa pa milandu ya zaka.

Tikukhala m'nyumba ya esiteti. Atitulutsa?

Ndisakubisireni, mayi kapena bambo: nyumba imeneyo si chuma cha masiye. Ndi ya kampani, inabwera ndi ntchito ya malemu, ndipo ntchito ikatha imabwerera kwa eni ake. Chimene mungapemphe ndi nthawi.

Pitani ku ofesi yoona za antchito, koma musapite nokha. Tengani nthumwi ya bungwe la antchito a m'minda la PAWU kapena m'bale wodziwa kuwerenga. Funsani zimene mgwirizano wa ntchito ukunena pa masiku amene banja lingakhale m'nyumba pambuyo pa imfa, ndiponso za galimoto yosamutsa katundu. Yankho lake likhale lolembedwa, chifukwa mawu a kapitawo okuuzani panjira sangakuthandizeni tsiku lovuta. Ngati ana ali pasukulu, pemphani kuti mukhale mpaka teremu ithe. Ngati inunso mumagwira ntchito pa esiteti pomwepo, pemphani kuti nyumbayo ilembedwe m'dzina lanu.

Makoma ndi a kampani, koma zam'kati ndi zanu. Bedi, mipando, mapoto, wailesi, mbale: lamulo limati wotsalayo asunge katundu wa m'nyumba mwake.

Nanga ndalama za kuntchito?

Funsani zonse: malipiro otsala, masiku a tchuthi amene malemu sanapume, penshoni ndi inshuwalansi ya moyo. Kuyambira mu 2011 lamulo la penshoni limakakamiza wolemba ntchito kusonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, komanso kumudulira wantchito inshuwalansi ya moyo. Ndalama zimenezi zimatsata maina amene malemu analemba pafomu ali moyo, choncho pemphani kuti muione fomuyo. Amene ankangolembedwa nyengo ya mvula, tiyi akachuluka, nkhani yawo imasiyana. Kafunseni ku ofesi ya zantchito pa Boma. Ngati imfa inadza ndi ngozi ya pantchito, palinso chipukuta misozi chapadera, ndipo ofesi yomweyo ndi imene imalondoloza.

Ndalama imeneyi imabwera kamodzi. Kwa banja limene likutuluka m'malaini, denga liyambe. Chiliza chingadikire chaka chamawa, ana sangadikire mvula.

Achibale a amuna anga akuti malata anagula ndi m'bale wawo, ndiye akufuna kusasula. Angatero?

Ayi. Kumeneko ndi kulanda chuma cha masiye, ndipo ndi mlandu wa kupolisi.

Ndinaionapo nyumba yochitidwa chipongwe chotere m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Thyolo. Makoma a njerwa zootcha anali chiimire, mapaso ali poyera, mbali imodzi yokha atafundikapo pepala lakuda la pulasitiki lotsindiridwa ndi miyala. Pa malo a chitseko panali thumba la feteleza. Mayi wa pakhomopo ankaphika pakona imene sinkadontha, ana atakhala pamphasa yonyowa. Anthu amene anasasula malatawo ndi omwewo amene analira mokweza pamaliro. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mayiyo ankaganiza kuti ndi mmene zimayenera kukhalira.

Maganizo amenewo ali ndi gwero lake. Lamulo lakale la 1967 linkati m'madera a chikamwini mkazi, ana ndi odalira malemu atenge magawo awiri okha mwa asanu, otsalawo apite kwa olowa m'malo mwa mwambo. Lamulo limenelo linathetsedwa. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira thandizo lake, monga makolo ake. Achimwene, achemwali, atsibweni ndi adzukulu a kumbumba salowapo pamene mkazi ndi ana alipo. Wolanda chuma chotere akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kukhala m'ndende zaka 10.

Dziwaninso ichi: gawo lanu pa nyumba imene munamanga limodzi si la masiye n'komwe, chifukwa inu muli moyo. Amene anaumba njerwa, kutunga madzi omangira, kugulitsa nthochi ndi mapeyala kuti simenti ipezeke, wamanga nawo nyumbayo ngakhale lisiti ya malata ili m'dzina la wina.

Ndine bambo. Ndinamanga kwawo kwa akazi anga, ndipo atisiya. Eni mbumba akuti akandisudzula ndizipita kwathu. Nyumba yomwe ndinamanga ndi manja anga ndiisiye?

Funso ili limafunsidwa motsitsa mawu, chifukwa amuna ambiri amachita nalo manyazi, koma ku Thyolo ndi lalikulu. Alhomwe ndi Amang'anja ndi anthu a chikamwini: mwamuna amakamanga kwa mkazi, dothi ndi la mbumba ya mkaziyo, ana ndi a kuchikazi. Mwambo unkati mkazi akamwalira, kumeta kukachitika, mkamwini amusudzule abwerere kwawo. Kale zinkatheka, popeza nyumba inali ya mitengo ndi udzu ndipo kwawoko malo analipo. Lero ndi nyumba ya njerwa ndi malata imene yadya malipiro a zaka makumi awiri kapena atatu za kutchola tiyi. Bambo wa zaka 60 akunyamuka ndi njinga, khasu, bulangete ndi kachikwama ka zovala, kupita kumudzi kumene anachokako ali mnyamata, kumene minda inagawidwa kale pakati pa alongo ake ndi ana awo. Kumeneko amakafika ngati mlendo. Ine zimenezi sindiziona ngati chilungamo.

Lamulo la 2011 silisankha kuti wotsalayo ndi mwamuna kapena mkazi. Chitetezo chimene limapatsa mayi wamasiye ndi chomwecho chimene limapatsa inu. Dothi likhalabe la mbumba, simungaligulitse kapena kulipereka kwa abale anu, koma kukutulutsani m'nyumba mwankhanza, kapena kukulandani katundu, si chinthu chimene mwambo ungachiteteze pamaso pa khoti.

Komabe ndikuuzeni zoona, bambo. Khoti likhoza kukupatsani nyumba, koma silingakupatseni moni wa m'mawa kuchokera kwa apongozi ndi alamu anu. Yambani ndi bwalo la pakhomo: ankhoswe, mwini mbumba, nyakwawa, ndi ana anu ngati ali akuluakulu. Nenani poyera chimene mukufuna. Ngati mukufuna kukhala kuti mulere ana, pemphani kuti kusudzula kuchitike monga mwambo womasula, osati wothamangitsa, ndipo mgwirizanowo ulembedwe pamaso pa amfumu. Mawu a ana amalemera kwambiri pabwalo lotere, chifukwa mwa mwambo womwewo iwo ndiwo eni nyumba. Mwana wamkazi akaimirira n'kunena kuti bambo athu sachoka pano, ndi eni mbumba ochepa amene angatsutse. Ngati mtima wanu wasankha kupita, musapite chimanjamanja; katundu wa m'nyumba ndi thukuta lanu zikambidwe mwachilungamo, nyumba itsalire ana anu, osati mlamu amene akuiyang'ana.

Kwa eni mbumba ndinene mawu amodzi. Mkamwini amene anadwazika mlongo wanu mpaka tsiku lomaliza ndi bambo wa ana amene mukuti ndi anu. Mukamuthamangitsa, fizi ya anawo ndi chakudya chawo zigwera inu.

Ine ananditenga chitengwa, ndili kwawo kwa amuna anga. Ndili ndi mphamvu yanji?

Yofanana ndi ya bambo ali pamwambapa. Nyumba ndi yanu ndi ana, dothi ndi la eni mudzi. Palibe amene angakuuzeni kuti mukhale pokhapokha mutalola chokolo kapena mwambo wogonana ndi munthu kuti muchotse imfa. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yozunza ngati imeneyo.

Ukwati wathu sunali wa kutchalitchi kapena wa kwa DC. Ndiwerengedwa?

Inde. Ukwati wa ankhoswe ndi ukwati pamaso pa malamulo a dziko lino. Vuto limakhalapo kwa amene anangolowana m'malaini popanda ankhoswe, zomwe n'zofala m'maesiteti chifukwa anthu amachokera kutali, ena ku Phalombe, ena kutsidya ku Mozambique. Lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuvomereza banja lotere ngati munakhalira limodzi zaka zosachepera zisanu, poonanso ana, chuma ndi mmene anthu ankakudziwirani. Konzekerani mboni: anansi a m'laini, akulu a mpingo, amfumu.

Ndikadzakwatiwanso kapena kukwatiranso, nyumba idzapita?

Zimadalira dothi. Ngati ili papuloti ya lizi kapena malo ena osakhala a mafumu, chimene munalandira ndi chanu ndithu. Ngati ili pa malo a mafumu, lamulo limati mukalowa banja lina umwini wake upite kwa ana amene munabereka ndi malemu. Osati kwa alamu, kwa ana.

Patulukira mkazi wina ndi ana amene sindinkawadziwa.

Pamenepa pamawawa, ndipo sindichepetsa ululu wake. Koma mwana ndi mwana pamaso pa lamulo, kaya anabadwira m'banja kaya kunja, ndipo wamng'ono amayenera kuganiziridwa koposa wamkulu amene anadziimira kale payekha. Umboni woti ndi mwana wa malemu uyenera kuoneka. Pa mitala, ngati akazi ankakhala m'madera osiyana, aliyense ndi ana ake amapeza gawo pa chuma cha kudera kwake. Kawirikawiri mkazi wa ku Thekerani sangabwere kudzatenga nyumba ya mkazi wa kwa Bvumbwe, pokhapokha ngati anaikapo thukuta lake.

Wina wabwera ndi ndalama m'manja. Ndigulitse?

Yankho langa ndi lakuti musagulitse chaka choyamba, ndipo pambuyo pake muganize kawiri.

Thyolo si boma limene munthu amataya malo n'kupeza ena. Pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu oposa 720,000, opanikizana m'mphepete mwa minda ya tiyi ndi makadamiya imene inatenga dothi labwino kuyambira nthawi ya atsamunda ndi thangata. Anthu amalima mpaka m'zigolo ndi m'mapiri. Ndi njala ya malo yomweyi imene inachititsa kuti pakati pa 2004 ndi 2011 mabanja ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje asamukire ku Machinga ndi Mangochi pa ndondomeko ya Kudzigulira Malo, ndiponso imene inautsa mkangano wa gulu la Vincent Wandale pa esiteti ya Conforzi mu 2016. M'boma lotere, amene wagulitsa pokhala pake kawirikawiri sagulanso pena. Ndalama ya nyumba imasungunuka ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, pamene puloti imakwera nayo limodzi. Ndipo wogula amene amafika pakhomo la namfedwa sabata yachiwiri amakhala atawerengera kale kuti mutsitsa mtengo.

Palinso za malamulo. Simungagulitse nokha chinthu chimene ana ali ndi gawo lawo. Puloti yolembedwa m'dzina la malemu imafuna kalata ya khoti yokupatsani mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye musanasinthe dzina ku ofesi ya za malo. Pa malo a mafumu, kugulitsa popanda mbumba ndi amfumu ndi kuwasiyira ana mlandu wosatha.

Zifukwa zomveka zogulitsira zilipo. Mwina nyumba ili pamalo otsetsereka pamene madzi a namondwe Freddy anagumula mu Malichi 2023 ndipo simugona tulo mvula ikamagwa. Mwina mwakalamba, mulibe wokutungirani madzi, ndipo mwana wanu ku Blantyre ali ndi malo oti mumangepo. Zikatero, pezani kaye kumene mukupita, mtengo mufunse kwa anthu atatu osadziwana, ana onse avomereze molemba, ndalama idzere kubanki. Ngati chikukukakamizani ndi ngongole ya katapila kapena ya banki mkhonde imene munatenga pa matenda, kambiranani za kabwezedwe. Musalipire ngongole ya miyezi itatu ndi nyumba ya moyo wonse.

M'nyumbamo sindikutha kugona. Paliponse ndikuona malemu.

Zimenezi si misala kapena kufooka. Jekete ili pamsomali paja, kapu yawo ili pashelefu, ndipo madzulo nthawi yoweruka ikakwana khutu limadikirabe kulira kwa njinga pabwalo. Ena zimawatonthoza, ena zimawalasa. Itanani mchemwali kapena mdzukulu adzagone nanu. Sinthani chipinda. Pitani kwa mwana wanu mukapume mwezi umodzi kapena iwiri, koma musiye munthu wodalirika pakhomo, chifukwa nyumba yosagonamo anthu imadyedwa ndi chiswe ndipo imakopa olowerera. Ngati papita nthawi ndipo mtima ukukanabe, nyumba ya papuloti mukhoza kuichititsa lendi. Pafupi ndi misika ndi masukulu aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki amafuna nyumba. Lendi imakusiyirani khomo lobwererapo.

Ana amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni asafulumire kulamula pafoni kuti amayi asamuke. Munthu wamkulu mukamuchotsa pa mpingo wake, pa anzake a kumvano ndi pa manda a mnzake, mumamuferetsa kachiwiri. Mufunseni mwini wake.

Nanga kamunda ka tiyi kali kuseri kwa nyumba?

Musakalekanitse ndi nyumba mwachisawawa. Tiyi ndi mbewu yokhala zaka makumimakumi, ndipo kwa alimi ang'onoang'ono, monga a bungwe la Msuwadzi amene amagulitsa masamba ku Satemwa, ndiye malipiro a pakhomo. Pitani ku bungwe lanu mukasinthe dzina la mlimi, kuti ndalama ya masamba isamapite kwa munthu wina pamene wotchola ndinu.

Zikavuta ndikadandaule kuti?

Yambani kwa ankhoswe ndi nyakwawa, kenako kwa gulupu ndi mfumu yaikulu ya dera lanu, kaya ndi kwa Bvumbwe, Nchilamwela, Chimaliro, Changata kapena Nsabwe. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakonza kuti makomiti a malo a kwa gulupu akhale ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Kumene komiti yotere ilipo, igwiritseni ntchito. Ngati katundu akunyamulidwa kapena mukuopsezedwa, musadikire bwalo la mawa: thamangirani kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Za kagawidwe ka chuma pitani ku ofesi ya DC kapena ku khoti la majisitireti. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ndipo amayi akhozanso kupeza uphungu ku bungwe la WOLREC ku Blantyre. Kulikonse kumene mukupita, nyamulani kope lija ndi mapepala aja, koma muzisiya mafotokope okha.

Ife tonse tikadali moyo. Tichitepo chiyani?

Lembani wilo. Kulemba wilo si kuitana imfa, ndipo sikufuna loya kapena Chingerezi. Lembani m'Chichewa kuti nyumba, munda ndi katundu zidzakhale za yani, musaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Mbonizo zikhale anthu amene sadzalandirapo kanthu. Kope limodzi likasungidwe kukhoti kapena kwa DC. Amayi a chikamwini, nenani pamaso pa abale anu mukadali ndi mphamvu kuti amuna anu adzakhale pati inu mukadzatsogola. Abambo a pa esiteti, pitani ku ofesi mwezi uno mukaone maina amene ali pafomu yanu ya penshoni, chifukwa ambiri analemba ali anyamata ndipo mpaka lero pali dzina la mchimwene wawo. Ndipo inu amene mukukhala m'malaini, yambani kuumba njerwa kumudzi chilimwe chino, ngakhale za chipinda chimodzi.